Nyama Kapena Mafuta: Nkhani ya Anthu a Gwich'in

Anzathu, m'phunziro lino tiwerenga za anthu a dziko lakutali. Anthu amenewa ndi ochepa. Alibe asilikali, alibe chuma chambiri. Koma kuyambira chaka cha 1988 akhala akulimbana ndi makampani a mafuta pamodzi ndi akuluakulu ena a boma la United States. Chimene akukana ndi chimodzi: safuna kuti mafuta akumbidwe pamalo pamene nyama zowadyetsa zimaswera. Tiwerenge modekha, kenaka tikambirane.

1. Dzikolo lili kuti?

Alaska ndi chigawo cha dziko la United States. Chili kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo chidachita malire ndi dziko la Canada. Kumeneko kumazizira koopsa. Kwa miyezi yambiri madzi a m'mitsinje amaundana n'kulimba ngati mwala, moti munthu amayenda pamwamba pake.

Kumpoto chakum'mawa kwa Alaska kuli malo aakulu osungiramo nyama zakutchire. Dzina lake ndi Arctic National Wildlife Refuge. Boma lidayamba kuteteza malowa m'chaka cha 1960. M'chaka cha 1980 Pulezidenti Jimmy Carter adasaina lamulo lowakuza. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 7,800,000. Tikayerekeza ndi kwathu kuno, ndi ngati magawo atatu mwa magawo anayi a chigawo cha Tete. Palibe msewu wa galimoto wolowa m'malowa.

Koma lamulo la 1980 silidateteze malo onse mofanana. Pakati pa mapiri a Brooks ndi nyanja ya Beaufort pali chidikha chopanda mitengo, cha mahekitala pafupifupi 600,000. Lamulo lidati chidikhacho chiyambe chafufuzidwa, ndipo Nyumba ya Malamulo ndiyo idzagamule ngati mafuta angakumbidwemo. Mkangano wonse wagona pa chidikha chimenechi.

2. Nyama yotchedwa caribou

Caribou ndi nyama yodya udzu, masamba ndi ndere. Ndi yokulirapo kuposa nswala. Nyanga zake zili ndi mphanda ngati nthambi za mtengo, ndipo yaikazi yomwe imamera nyanga. Nyamazi zimayenda m'magulu aakulu. Gulu limene tikunena pano limatchedwa Porcupine, potsata dzina la mtsinje umene limawoloka. M'chaka cha 2017 akatswiri adaliwerenga, napeza nyama pafupifupi 218,000.

Chaka ndi chaka gululi limayenda makilomita oposa 2,000. Nyengo yozizira limakhala chakumwera, ku Alaska ndi ku Canada. Kukayamba kufunda, zazikazi za bere zimatsogola kulowera kumpoto. Zimakwera mapiri, zimawoloka mitsinje, mpaka kufika kuchidikha cha kunyanja. Kumayambiriro kwa mwezi wa Juni zimaswa ana ambirimbiri m'masiku owerengeka.

Kodi zimavutikiranji ndi ulendo wautali chotere? Zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba, kuchidikhako kumaphuka msipu wanthete umene umapatsa make mkaka wambiri. Chachiwiri, mimbulu ndi zimbalangondo zogwira ana zimachuluka kumapiri, kuchidikha n'zochepa. Chachitatu, mphepo ya kunyanja imathamangitsa udzudzu, umene umachuluka zedi m'dzikolo nyengo yofunda. Chaka chimene chisanu chatseka njira, nyama n'kuswera panjira, ana amafa ambiri kuposa zaka zina.

3. Anthu a Gwich'in

A Gwich'in ndi eni dziko. Makolo awo adakhala kumeneko zaka zikwi zambiri azungu asanafike. Chiwerengero chawo sichifika 10,000. Amakhala m'midzi 15, ina ku Alaska, ina ku Canada, monga Arctic Village, Venetie, Fort Yukon ndi Old Crow. Midzi yambiri ili m'njira imene caribou zimadutsa.

M'dziko lozizira chotero chimanga sichibereka. Ku Arctic Village ndi ku Old Crow sikufika msewu. Katundu wa m'sitolo amabwera pa ndege, motero mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Nkhokwe yawo ndi caribou. Nyama ina amaphika, ina amaiwamba pa utsi kuti idzawathandize nyengo yozizira. Chikopa amasokera nsapato ndi zovala. Mlenje akapha, amagawirako nkhalamba ndi mabanja amene alibe wowasakira.

Nyimbo zawo, magule awo ndi nthano zawo zimanena za caribou. Nthano ina imati kalekale munthu ndi caribou adali amodzi, ndipo posiyana aliyense adasunga kachidutswa ka mtima wa mnzake. Chidikha chija amachitcha Iizhik Gwats'an Gwandaii Goodlit, ndiko kuti malo opatulika pamene moyo umayambira. Iwo sasakako. Amati ngakhale nthawi ya njala makolo awo sankapondako.

4. Ofuna mafuta

M'chaka cha 1968 mafuta ochuluka adapezeka ku Prudhoe Bay, kumadzulo kwa malo a nyamawa. M'chaka cha 1977 adamaliza kumanga mpope wa makilomita pafupifupi 1,300 wotengera mafutawo kudoko la Valdez, kumwera. Kuyambira pamenepo boma la Alaska lidayamba kudalira ndalama za mafuta. M'chaka cha 1988 mumpopemo munkadutsa migolo 2,000,000 pa tsiku. Mgolo umodzi ndi malita 159. Pofika chaka cha 2020 migoloyo idatsika kufika pafupifupi 500,000 pa tsiku. N'chifukwa chake atsogoleri a Alaska amafunitsitsa zitsime zatsopano.

M'chaka cha 1998 akatswiri a miyala a boma adayerekeza kuti pansi pa chidikha chija pangakhale migolo mabiliyoni 7.7 yotheka kuipopa. Uku kudali kuyerekeza chabe. Chitsime chofufuzira chidakumbidwa chimodzi chokha, m'zaka za 1985 ndi 1986, ndipo makampani a Chevron ndi BP adasunga chinsinsi zimene adapeza.

Tisaganize kuti eni dziko onse ali ndi maganizo amodzi. M'mphepete mwa chidikhacho muli mudzi wa Kaktovik, wa anthu pafupifupi 300 a mtundu wa Iñupiat. Iwo amadalira kwambiri nyama za m'nyanja, monga anamgumi. Atsogoleri awo ambiri amavomereza mafuta. Amati msonkho wa mafuta ndiwo udabweretsa sukulu, chipatala, magetsi ndi madzi a m'mipope m'dera lawo. Amatinso iwo ndiwo okhala pamalopo, choncho mawu awo amveke. Ena a m'mudzi womwewo amakana. Nkhawa ya anthu a Kaktovik ndi yomveka, pakuti nawonso akufunira ana awo moyo wabwino. Koma nyama zoswera pafupi ndi mudzi wawo ndi zomwezo zimene zimadyetsa midzi ya kutali, tsidya lina la mapiri.

5. Kodi kukumba mafuta kumaononga chiyani?

Chitsime cha mafuta sichibwera chokha. Chimadza ndi misewu, mabwalo a ndege, mipope, nyumba za antchito ndi phokoso la makina usana ndi usiku. Asanakumbe, amayendetsa magalimoto olemera kuti afufuze zimene zili pansi. Magalimoto otere adadutsa m'chidikhacho m'zaka za 1984 ndi 1985, ndipo zipsera za njira zawo zina zinkaonekabe patapita zaka zoposa 20.

Pafupi ndi Prudhoe Bay pali gulu lina la caribou. Akatswiri adaona kuti zazikazi za ana aang'ono zimathawa misewu ndi mipope, n'kukakhala makilomita angapo kutali. Kumeneko chidikha n'chotakata, choncho zidapeza kothawira. Koma kumene gulu la Porcupine limaswera, mapiri ali pafupi ndi nyanja. Pena mpata wake ndi makilomita pafupifupi 25 okha. Nyama zikathawa makina, zidzalowera kumapiri, kumene kuli mimbulu ndi msipu wochepa. Ana akamafa ambiri, gulu lidzachepa. Gulu likachepa, kapena likasintha njira, m'midzi ya a Gwich'in mudzalowa njala.

6. Msonkhano wa 1988

M'chaka cha 1987 unduna woyang'anira malo a boma udalangiza Nyumba ya Malamulo kuti itsekule chidikhacho. Akuluakulu a Gwich'in atamva, adaitanitsa msonkhano wa mtundu wonse. Msonkhano wotere udali usanachitike kwa zaka zoposa 100. M'mwezi wa Juni 1988 anthu adasonkhana ku Arctic Village, ochokera mbali zonse ziwiri za malire. Adakambirana masiku angapo, nagwirizana chimodzi. Chigamulo chawo adachilemba pa pepala: malo oswera caribou atetezedwe mpaka kalekale. Adasankha nthumwi 8, nakhazikitsa bungwe lotchedwa Gwich'in Steering Committee. Akuluakulu adalangiza nthumwizo kuti zikauze dziko lonse nkhaniyi, zikalankhule mwaulemu, koma zisakagonje.

Nthumwizo zidayenda. Zidapita ku Washington kukalankhula pamaso pa aphungu. Zidalankhula m'matchalitchi, m'masukulu ndi kwa atolankhani. Zidagwirizana ndi mabungwe oteteza chilengedwe. Boma la Canada nalo lidatsutsa zokumbazo, pakuti m'chaka cha 1987 maiko awiriwa adasainirana pangano losamalira gulu la Porcupine. M'chaka cha 2002 atsogoleri atatu, Sarah James, Jonathon Solomon ndi Norma Kassi, adalandira mphoto ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyi.

7. Zaka za kulimbana

M'mwezi wa Malichi 1989 aphungu ankakonza lamulo lolola kukumba. Pa 24 Malichi sitima yonyamula mafuta ya Exxon Valdez idagunda matanthwe, nitaya malita pafupifupi 40,000,000 m'nyanja ya kumwera kwa Alaska. Mbalame ndi nyama za m'nyanja zosawerengeka zidafa. Anthu adadzionera okha kuti madzi akatayika saoleka. Lamulo lija lidafera pomwepo. M'chaka cha 1995 aphungu adavomereza kukumba, koma Pulezidenti Bill Clinton adakana kusaina. M'chaka cha 2005 ofuna mafuta adalepheranso.

Mu Disembala 2017 zinthu zidatembenuka. Aphungu adalowetsa ndime yolola kukumba m'kati mwa lamulo la misonkho, Pulezidenti Donald Trump nasaina. A Gwich'in sadakhale pansi. Adasuma kukhoti. Adadziwanso kuti ntchito yokumba mafuta imayendera ngongole, motero adapita kwa eni mabanki. Pofika kumapeto kwa 2020, mabanki aakulu 6 a United States adali atalengeza kuti sadzapereka ndalama zokumbira mafuta kumeneko.

Pa 6 Januwale 2021 boma lidaika zilolezo pa malonda, wopereka ndalama zambiri atenge. Makampani aakulu sadabwere. Ndalama zonse zimene ogula adalonjeza zidangokwana madola 14,400,000, ndipo zilolezo zambiri zidatengedwa ndi bungwe la boma la Alaska lomwelo. M'chaka cha 2023 boma la Pulezidenti Joe Biden lidafafaniza zilolezo za bungwelo. Pa malonda achiwiri, mu Januwale 2025, sipadapezeke wogula ngakhale mmodzi.

Koma kulimbana sikudathe. M'chaka chomwecho cha 2025 khoti lidagamula kuti kufafaniza kuja sikudatsate lamulo. Aphungu adakhazikitsa lamulo lina lolamula malonda ena anayi, ndipo mu Okutobala boma la Trump lidatsekulanso chidikha chonse. Komabe, kuchokera 1988 mpaka 2025, zaka 37, palibe mgolo ngakhale umodzi wa mafuta umene udatuluka m'chidikhacho kupita pamsika.

8. Tiphunzirapo chiyani?

Dziko lathu la Mozambique nalonso lili ndi chuma pansi pa nthaka: gasi ku Pande, ku Temane ndi ku Cabo Delgado, malasha ku Moatize. Funso la a Gwich'in lidafikanso kwathu. Kampani ya Sasol idali ndi chilolezo chofufuza mafuta ndi gasi m'nyanja, pafupi ndi zilumba za Bazaruto, malo otetezedwa kuyambira chaka cha 1971. Asodzi, anthu a m'midzi ndi ena adadandaula, ndipo m'chaka cha 2020 kampaniyo idabweza chilolezocho.

Chuma cha pansi pa nthaka n'chofunika pomanga dziko. Koma chitsime cha mafuta chimaphwa, pamene nyama ndi nsomba zosamalidwa zimaswana chaka ndi chaka. Choncho asanakumbe, ayambe amva mawu a anthu amene amadyera pamalopo.

Taonanso kuti lamulo lokha silikwanira. Boma lina limatseka, lina limatsekula. Chimene sichidasinthe ndi mgwirizano wa a Gwich'in. Adasonkhana. Adamvera akuluakulu. Adalemba chigamulo chawo. Adatuma nthumwi zolankhula ndi mawu amodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Lamulo lathu la nthaka la chaka cha 1997 lidati anthu a m'mudzi afunsidwe boma lisanapereke malo kwa kampani. Koma kufunsidwa kuli ndi phindu lanji ngati sitikumva zolembedwa pa pepala? Wodziwa kuwerenga sadinda chala pa kalata imene sakuidziwa. Amawerenga, amafunsa, amafotokozera anzake. Tiphunzire kuwerenga ndi kulemba kuti mawu a mudzi wathu amveke.

Mawu atsopano

Chidikha: malo aakulu athyathyathya, opanda mapiri.
Mpope: chitsulo chachitali cha mphako, modutsa madzi kapena mafuta.
Chilolezo: kalata ya boma yolola munthu kapena kampani kugwira ntchito ina.
Nthumwi: munthu wotumidwa kukalankhula m'malo mwa anzake.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zifukwa zitatu zimene caribou zimapitira kuchidikha kukaswa.
2. Kodi a Gwich'in adagwirizana zotani pa msonkhano wa 1988?
3. N'chifukwa chiyani atsogoleri ambiri a ku Kaktovik amavomereza mafuta?
4. Kodi nthumwi za a Gwich'in zidapitiranji kwa eni mabanki?
5. M'dera lathu lino, ndi malo ati amene amatidyetsa tonse? Lembani mayina atatu m'kope lanu.