Gologolo Wouluka

Tonsefe timdziwa gologolo. Ali yense amene anapitako ku Lengwe, kapena amene anawetako mbuzi m'chire la kwathu kuno, anamuona alikuthamanga pa nthambi, mcira uli m'mwamba, nalalata ngati mwini mtengo. Koma m'mabuku a za nyama muli dzina lina limene lidabwitsa ambiri a ife, ndilo gologolo wouluka. Ena ati ndi nthano cabe, ena ati ndi mleme umene Azungu anaupatsa dzina lacilendo. Onsewa aphonya. Kanyamaka kalipo ndithu, ndipo kapezeka ngakhale m'dziko lathu lino la Malawi, kungoti dzina lace linama pawiri: sikauluka monga iulukira mbalame, ndiponso ka kuno ku Africa sikali gologolo weniweni.

Tiyambe ndi nkhani ya kuuluka. Mwa nyama zonse zoyamwitsa, mleme wokha ndiwo uuluka zenizeni, pakuti ukupiza mapiko ace nukwera m'mwamba pamene ufunira. Gologolo wouluka alibe mapiko. Cimene ali naco ndi khungu lopyapyala, laubweya, locokera ku mwendo wa kutsogolo kufikira ku mwendo wa kumbuyo, mbali zonse ziwiri, ndi lina locokera ku miyendo ya kumbuyo kufikira ku mcira. Akakhala cete pa mtengo, khunguli lingopindika m'nthiti ngati bulangete. Koma akafuna kupita pa mtengo wina, ayamba wakwera pamwamba, nayang'anitsitsa kumene alinga, ndipo adziponya natambasula miyendo yonse inai. Pomwepo thupi lonse lisanduka ngati kamphasa koyandama pa mphepo.

Yesani nokha ndi mapepala awiri. Lina mulikwinye ngati mpira, lina mulisiye lotambasuka, ndipo muwataye pamodzi. Lokwinyika ligwa msanga pa mapazi panu, koma lotambasukalo licedwa, litsetsereka cammbali, cifukwa mpweya ulicirikiza kunsi. Gologoloyu apambana pepala m'cinthu cimodzi: iye adziwa kuongola ulendo wace. Akakoka mwendo umodzi ndi kulekerera unzace akhota, napewa nthambi zimene zili pa njira. Atatsala pang'ono kufika aweramutsa mutu ndi cifuwa, liwiro licepa, ndipo atera pa thunthu ndi miyendo yonse, mutu uli kumwamba.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Popeza sakupiza kanthu, ulendo wace uli wonse ndi wotsika. Kawirikawiri nyama zotere zipita patsogolo pafupifupi mamita 2 pa mita imodzi iri yonse imene zatsika. Owerenga masamu aona kale tanthauzo lace: wocokera pa nsonga ya mtengo wa mamita 20 afika mamita 40 okha kapena kupitirira pang'ono, ndipo afika ali kunsi kwa mtengo winawo. Ayenera kuukwera wonse asanadziponyenso. Zinalembedwa kuti wina anayandama mamita 250, ndiwo mabwalo a mpira awiri ndi theka, koma ulendo wotere utheka pokha pocokera pa mtengo wautali kwambiri kapena pa malo otsetsereka. Mtengo wina ukatalikira, agwera pansi, ndipo pansi ndi pamene ali wopusa. Khungu lomwe lija limene limcititsa kaso m'mwamba limkola m'miyendo ngati munthu wothamanga atabvala mkanjo.

Nanga bwanji tikuti sali gologolo weniweni? Agologolo ouluka enieni alipo mitundu pafupifupi 50, ambiri ku Asia, ena ku North America, ndi mtundu umodzi wofika ku Finland ndi Estonia. Ku Africa kulibe ndi mmodzi yemwe. Wathuyu ali wa banja lina, ndipo mbale wace wapafupi ndi kanyama kena kokumba una, kodumpha ndi miyendo iwiri ngati kangaroo, kamene kakhala m'malo a mcenga ku Botswana ndi Zimbabwe. Kusiyana kwace kuoneka pawiri. Onse ali ndi kandodo ka pfupa lofewa, longa la khutu, kotambasulira khungu lija. Koma kwa a ku Asia ndi America kandodoka kamera pa mfundo ya dzanja, pamene kwa wa ku Africa kamera pa cigongono. Cinanso ndi mcira. Kunsi kwa mcira wace, pafupi ndi thupi, kuli mizere iwiri ya mamba olimba, osongoka, oloza kumbuyo. Akatera pa thunthu akanikiza mambawa pa khungwa, ndipo satereraka, monga njinga yogwira mabuleki. Pokwera aponya miyendo ya kutsogolo pamodzi, nakoka ya kumbuyo pamodzi, mcira ulikumcirikiza. Ine ndiyesa mamba amenewa ngodabwitsa koposa kuyandama kumene.

Mtundu umene upezeka m'Malawi uchedwa ndi dzina la Lord Derby, mkulu wina wa ku England amene anaweta nyama zambiri za m'maiko akutali pa mudzi pace pa Knowsley, pafupi ndi Liverpool. Anaupatsa dzinali ndi John Edward Gray wa ku British Museum m'caka ca 1842. Thupi lace ndi lalitali masentimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, osawerengera mcira, ndipo wamkulu afika pafupifupi kilogalamu imodzi. Motero apambana gologolo wathu wa m'chire kutalitali. Ubweya wace ngwofewa, wotuwa kumsana ndi woyererako kumimba, kotero kuti akakakamira pa thunthu la ndere munthu angathe kumyang'ana osamuona.

Usana agona m'mphako ya mtengo waukulu, yekha kapena awiri. Dzuwa likalowa aturuka kukafuna cakudya. Adya zipatso, masamba, maluwa ndi tizirombo pang'ono, koma nsima yace yeniyeni ndi makungwa. Ameneyu ndi mmisiri wa kusenda mitengo: ndi mano ace akuthwa apala khungwa, nadya mbali yofewa ya mkati pamodzi ndi madzi ace. M'nkhalango za ku Zambia ndi maiko oyandikana akonda mitengo ya mtundu wa mombo ndi mtondo. Pano ticenjere, pakuti mtondo umenewu ndi wa kumtunda, wobala nyemba zouma zothetheka. Suli mtondo wathu wa kuno ku cigwa umene tidya zipatso zace. Jonathan Kingdon, mlembi wa mabuku a nyama za mu Africa, afotokoza khalidwe lina lokondweretsa. Ati kanyamaka kamadula nsonga za timitengo tating'ono tomera pafupi ndi mitengo imene kadya, kotero kuti njira zace za m'mwamba zikhala zotseguka. Ndiye kuti nakonso kalambula mseu! Ana abadwa mmodzi, awiri kapena atatu, ali ndi ubweya kale, maso ali otseguka, ndipo akhala m'mphako kufikira atalimba. Mwa adani ace muli ziombankhanga.

Kwao kwenikweni kwa gologoloyu ndi m'nkhalango za mvula yambiri, kuyambira ku Sierra Leone, kupyola Congo, kufikira ku Uganda, Tanzania, Angola ndi kumpoto kwa Zambia. Malawi ali kumapeto kwa dera lace, ndipo kuno apezeka kumpoto kwa dziko. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje sitimuona, ndipo mukayang'ana mitengo yathu ndi masamu aja m'mutu simudzadabwa. Mlambe uli ndi mphako zabwino, koma ngwonenepa koposa kutalika, ndipo uima wokha, mnzace ali kutali. Tsanya ndi mitengo ya minga siitalika kokwanira. Njale ndi wamtali ndithu, koma njale mmodzi apa, wina kutsidya, sapanga njira. Ngakhale nkhalango ya ku Lengwe, imene inayamba kutetezedwa mu 1928 cifukwa ca boo, mbali yace yaikuru ndi zitsamba zowirira, zoyenera gwape ndi nguluwe koposa nyama yofuna bwalo la m'mwamba.

Nanga cija ena amati anaciona cilikuuluka usiku kucoka pa mtengo kunka pa unzace, maso ali psu ndi kuwala kwa toci? Ameneyo ndi canga. Canga alibe khungu lotambasula. Mphamvu yace iri m'miyendo ya kumbuyo, ndipo angodumpha. Mitengo ikatalikirana atsika pansi, nadumphadumpha kufikira apeza wina. Gologolo wa m'chire acita cimodzimodzi, athamanga pansi osabvutika. Ndico cifukwa awiriwa akhala nafe ngakhale m'mbali mwa minda.

Gologolo wouluka sangathe kutero. Kwa iye malo oyera a mamita 100 pakati pa mitengo ali ngati Shire wodzala kwa munthu wopanda bwato: tsidya lija aliona, cakudya aciona, koma kufikako ai. Tsoka lace ndi lakuti mombo ndi mtondo, imene iye adya, ndiyo mitengo yomwe ooca makala aifuna koposa, ndipo mtengo wokalamba wa mphako ndiwo uyamba kugwa anthu akafuna uci. Sikufunika kutha nkhalango yonse kuti iye asowe. Kungocotsamo mitengo yaitali, wina apa wina apo, njira zace zaduka, ngakhale munthu woona patali adzati nkhalango ikalipo.

Amene mudzapite kumpoto kukaphunzira kapena kukagwira nchito, mukalowa m'nkhalango yaikuru muziyang'ana m'mwamba pa thunthu ndi pa nthambi zazikuru, ngati pali zipsera zatsopano pamene khungwa lapalidwa. Mukazipeza, funani mtengo wa mphako pafupi pomwepo, mukhale cete potero dzuwa litangolowa, maso ali ku nsonga.