Tidikiranji alendo kuti atiuze za oyimba athu?

Babatoni ndi chida chosavuta kuchifotokoza koma chovuta kuchiyimba. Pali mtengo wautali, bokosi lalikulu lokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ndi waya mmodzi basi. Woyimbayo amamenya wayayo ndi kamtengo, uku dzanja lina likuyendetsa botolo kapena kachitsulo pa waya yemweyo kuti mawu akwere kapena atsike. Yobu Maligwa wa Madalitso Band anadzikhomera yekha chida chakechi. Mnzake Yosefe Kalekeni amakhalira ng'oma n'kumaigunda ndi chidendene, manja ali pa gitala ya nsambo zinayi. Ndi anthu awiri okha, koma utamva uli kuseri kwa mpanda ungalumbire kuti kwabwera bandi yonse.

Kwa zaka zambiri awiriwa ankayimba m'misewu ya mu Lilongwe, pafupi ndi masitolo ndi m'misika, dzuwa likuswa mtengo. Anthu miyandamiyanda ankawadutsa. Ena ankaima pang'ono, kumwetulira, kuponya kandalama n'kuthamangira minibasi. Amene anaima n'kutchera khutu mofatsa ndi wojambula nyimbo wa mumzinda momwemo, Emmanuel Kamwenje, yemwe anawatengera ku situdiyo n'kuwajambulira chimbale chawo choyamba, Fungo La Nyemba. Mu 2017 anapita ku Zanzibar kukayimba pa phwando la Sauti za Busara, ndipo kuyambira pomwepo njira ya ku Ulaya inatseguka. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala mu 2019, kenako Musakayike mu 2022. Lero tikamva kuti akuvinitsa makamu kunja timadziguguda pachifuwa kuti ndi ana athu. Komatu mayimbidwe omwe akuvinitsa alendowo ndi omwe aja tinkawadutsa tili ndi majumbo a tomato m'manja.

Ikanakhala nkhani ya bandi imodzi, tikanati ndi mwayi wawo. Koma taonani a Malawi Mouse Boys. Anyamatawa ankagulitsa mbewa zowamba m'mbali mwa msewu, n'kumayimba nyimbo zauzimu ndi magitala odzikhomera podikira kuti galimoto iime. Amene anawamva n'kuona kuti apa pali luso ndi Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America. Chimbale chawo cha He Is #1 chinatuluka mu 2012, ndipo chaka chotsatira anakayimba pa phwando la WOMAD ku England. Brennan yemweyo pamodzi ndi mkazi wake Marilena Delli analowa m'ndende ya Zomba mu 2013 n'kujambula nyimbo za akaidi ndi asilikali a ndende, chimbale chomwe chinafikitsa dzina la Malawi pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Grammy mu 2016. Lazarus Chigwandali, woyimba wachialubino, ankaliza banjo yake m'misewu ya Lilongwe mpaka pomwe alendo anamupangira filimu ndi chimbale mu 2019. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, katswiri wina wa babatoni, ambiri tinamudziwa kanema wake atazungulira kale dziko lonse pa intaneti.

Alendowa sitingawadzudzule, anachita bwino kuima. Funso lili kwa ife eni mudzi: makutu athu amakhala ali kuti?

Kuti timvetse, tiyeni tione momwe woyimba wongophuka kumene amayambira masiku ano. Kujambula nyimbo sikulinso kovuta ngati kale. Masitudiyo ali paliponse, ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi, ena m'chipinda chogona momwe muli kompyuta ndi maikolofoni imodzi. Mnyamata akapeza kandalama amagula biti, kulowetsamo mawu, madzulo ake nyimbo ili kale pa WhatsApp. Ichi ndi chinthu chabwino ndithu, ndipo chatipatsa oyimba ambiri omwe kale sakanaloledwa n'kuponda komwe pakhomo la situdiyo ya MBC. Koma kompyuta imabisa zambiri. Imawongola mawu okhota, imadzaza pomwe mpweya wathera, ndipo womvera sangasiyanitse amene amayimbadi ndi amene wangopakidwa mafuta. Kusiyana kwake kumaonekera pa siteji, munthu akapatsidwa maikolofoni ndi gitala, anthu ali maso tong'o.

Tsono pa siteji pomwepo ndi pomwe timawalakwira kwambiri achinyamatawa. Aliyense wopita ku zoyimbayimba akudziwa momwe zimakhalira. Pa positala pamakhala chithunzi chachikulu cha katswiri, ndipo pansi penipeni, m'tizilembo tofuna magalasi, mayina a ongoyamba kumene. Iwowa ndi amene amatsegulira. Amakwera pa siteji mipando ili mbee, amisiri akadali pakati pa ntchito yolumikiza mawaya, ogulitsa zakumwa akutsitsa makireti. Bandi yomwe ilipo ndi ya katswiri uja ndipo sinaphunzire nyimbo zawo, choncho amapereka kafulashi kwa DJ n'kumayimba motsatira nyimbo yojambula kale. Akayimba ziwiri, woyendetsa mwambo wayamba kale kuwakodola kuti atsike. Ambiri salipidwa kanthu, amauzidwa kuti athokoze poti apatsidwa mpata woonekera, ndipo ena ndalama yobwererera kunyumba amachita kupempha kwa anzawo. Khamu limafika mochedwa, litamva kuti wamkulu uja watsala pang'ono kukwera. Mawa lake anthu omwewo amadandaula kuti oyimba a masiku ano sadziwa kuyimba ndi bandi. Akanaphunzirira kuti?

Akale aja anali ndi kophunzirira, ndipo sukulu yawo inali bandi. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, abale awiri Daniel ndi Donald Kachamba anakulitsa mayimbidwe a kwela omwe anakopa katswiri wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik m'zaka za m'ma 1960, ndipo dera lomwelo linadzatipatsa Evison Matafale ndi Black Missionaries. Ku Balaka, Alleluya Band ya Paul Banda inali ngati nazale. M'menemo ndi momwe munakulira mng'ono wake Lucius Banda, yemwe pambuyo pake anakhazikitsa Zembani Band. Oyimba ngati Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Wendy Harawa anadutsa m'manja mwa anthu a ku Balaka amenewa asanaime paokha. Wachinyamata ankayamba ndi kunyamula masipika, kenako kuthira mang'ombe kumbuyo, kenako kupatsidwa nyimbo imodzi pakati pa shoo, anthu atadzaza kale ndipo thukuta likutuluka. Pofika tsiku lotulutsa chimbale chake anali atayenda kale maboma ambiri, akudziwa chochita nsambo ikaduka kapena magetsi akazima nyimbo ili mkati. Pomwe Lucius anamwalira pa 30 June 2024, tinalira woyimba ndi wandale, koma tinatayanso munthu amene ankakweza ana a eni pa siteji yake, kuphatikizapo ya Sand Music Festival yomwe anaiyambitsa. Ndi akatswiri angati a lero omwe akulera wina m'bandi mwawo?

Vuto lina ndi la malo. Anthu a ku Blantyre omwe anakula m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 amaikumbukira French Cultural Centre, komwe Lamulungu masana munthu unkapita ndi banja lonse kukaonera zisudzo kapena bandi, kopanda fungo la mowa. Malowa anatsekedwa mu 2011, boma linawagula n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma akuba anasasula zambiri ndipo ntchito yokonzanso yakhala ikuyenda mwa kamba. Chotsatira chake n'chakuti nyimbo za bandi zinathawira m'mabala ndi m'malo achisangalalo a usiku. Kumeneko anthu amafuna nyimbo zomwe akuzidziwa kale, zoti avine. Mtsikana wobwera ndi gitala yake ndi nyimbo yodekha yomwe waipeka yekha sangamveke pakati pa phokoso la mabotolo, ndipo makolo ambiri sangamulole n'komwe kupita kumeneko usiku. N'chifukwa chake oyimba aakazi ambiri amathera mu kwaya ya kutchalitchi, komwe luso lawo limakula bwino koma nyimbo zawozawo sizipeza mpata. Keturah wa ku Mwanza, yemwe mawu ake ali ndi kakomedwe ka kumudzi kosachita kukakamiza, chimbale chake cha mu 2023 anakachijambulira ku Hen House Studios ku California.

Si kuti kulibiretu omwe akuyesetsa. Ku Area 23 mu Lilongwe kuli Music Crossroads, komwe kuyambira mu 2013 kuli sukulu yophunzitsa achinyamata kuliza zida, kuwerenga nyimbo ndi kuyimba pamodzi ngati bandi. Mipikisano ya bungweli ndi yomwe inatulutsa magulu ngati Body, Mind and Soul ya ku Mzuzu. Ku Blantyre, Jacaranda Cultural Centre yakhala ikuchititsa madzulo a Sounds of Malawi, komwe woyimba amakhala pafupi ndi anthu, zida zili zochepa, n'kumafotokoza momwe nyimbo iliyonse inabadwira. Pamalo otere palibe pobisala. Umamva chala chikutsetsereka pa nsambo, umamva woyimba akukoka mpweya, ndipo mawu a nyimbo akakhala opanda nzeru aliyense amadziwa nthawi yomweyo. Akakhala ndi nzeru, anthu amatuluka akuwabwereza. Aliyense amene anaonapo Faith Mussa akuyimba yekha, gitala m'manja, mapazi ali pa ng'oma, kapena Lawi atangokhala ndi gitala yake, akudziwa kuti kukoma kotere sikutheka kukutumiza pa foni.

Chitsanzo chomwe chimandigwira mtima kwambiri chili ku Dowa. Mu 2014 mlakatuli wochokera ku Congo, Trésor Mpauni, yemwe amadziwika kuti Menes la Plume, anayambitsa Tumaini Festival mkati mwa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka. Polowa salipiritsa. Achinyamata a mumsasamo, ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, amayimba pa siteji imodzi ndi akatswiri a m'dziko muno ndi akunja, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za mabanja a pamsasapo. Munthu yemwe anafika kuno atathawa kwawo anaona kuti woyimba wosadziwika akufunika siteji yeniyeni, masipika abwino ndi khamu la anthu, ndipo anazipeza. Lake of Stars, yomwe inayambira ku Chintheche mu 2004, nayonso yakhala ikupereka mpata kwa ongoyamba kumene pambali pa mayina akuluakulu. Koma maphwando otere amabwera kamodzi pa chaka, pomwe woyimba amafunika kuyimba sabata ndi sabata kuti akhwime.

Nkhani ya ndalama sitingaizembe. Kuyimba ndi bandi n'kodula: pali kubwereka zida, kulipira oliza zida, malo ophunzirira nyimbo, galimoto, ndi jenereta poopa kuzima kwa magetsi. Malonda a makaseti ndi ma CD omwe ankadyetsa oyimba akale anatha, anaphedwa ndi ootcha nyimbo m'misika. Bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake, ndipo woyimba aliyense wopeka nyimbo zake ayenera kukalembetsa asanayambe n'kutchuka komwe. Koma ndalama zimenezi zimatsata nyimbo zomwe zikumveka kale, tsono amene sanamveke amadalira za pakhomo basi. Apa ndi pomwe khalidwe lathu limandikhumudwitsa. Munthu yemweyo amene sawerengera za mowa amafika pageti n'kuyamba kunenerera, kapena kuimbira foni mnzake wa mkati kuti adzamulowetse ulere. Achibale ndi anzake a woyimbayo, omwe akanayenera kukhala oyamba kulipira, ndi amene amatsogolera kupempha matikiti aulere. Pa ukwati timafupa mpaka matumba kupepuka, koma mwana wa mnzathu akayimba nyimbo yoti yatikhudza timangowomba m'manja.

M'mera m'poyamba, anatero akuluakulu, koma ife tazolowera kuthirira mtengo utakalamba. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930 ndipo ayimba moyo wawo wonse. Oyimba Edgar ndi Davis anachita zamphamvu kuwagwira dzanja kwa zaka zambiri mpaka kupita nawo ku America mu 2016, ndipo Patience Namadingo atayimba nawo mu 2020, nyimbo ya Linny Hoo inafalikira dziko lonse kudzera pa TikTok. Tinasangalala tonse, ndipo m'pake. Koma agogowa anali atakwanitsa zaka 90. Zaka zonse zomwe anali ndi mphamvu zoyendayenda ndi kupeka nyimbo zatsopano anazithera m'umphawi, akuyimba pomwe apezapo mpata.

Okonza zoyimbayimba angathe kusintha zinthu popanda kuwononga ndalama zambiri: kuika wongoyamba kumene pakati pa shoo anthu atadzaza, kumupatsa tsiku limodzi loti aphunzire nyimbo zake ndi bandi, kulemba dzina lake moti liwerengeke, ndi kumulipira ngakhale pang'ono. Mawayilesi, omwe tsopano ali pafupifupi m'boma lililonse, angathe kupatula ola limodzi pa sabata loti wachinyamata abwere ndi gitala yake adzayimbe pompopompo, monga momwe MBC inkachitira ndi oyimba a banjo kalelo. Matchalitchi ndi masukulu ali ndi maholo omwe amangokhala otseka Loweruka masana.

Inu okonda nyimbo, shoo ikubwerayi mukafike pa nthawi yomwe yalembedwa pa positala, mukalipire pakhomo, ndipo mukakhale kutsogolo pomwe wotsegulira akuyimba. Akakusangalatsani mukamufupe, mukafunse dzina lake, n'kukaliuza wokonza phwando la ukwati kapena la kuntchito kwanu. Mukakumananso ndi woliza banjo pa depoti kapena pamsika, imani mumve nyimbo yonse mpaka ithe.