Anchito ndi Lamulo la Kukhala pa Nyumba

Pa 18 Malichi 2020 boma linalengeza kuti anthu awiri apezeka ndi matenda a Covid-19 muno m'Zambia. Masukulu anatsekedwa pa 20 Malichi. Patangopita masiku ocepa, Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti mabala atsekedwe, ndi kuti pamaliro ndi paukwati pasasonkhane anthu opitirira 50. Tonse tinalangizidwa kukhala pa nyumba.

Koma mai wogulitsa tomato pa msika wa Soweto akanakhala bwanji pa nyumba? Ambiri mwa ife timadya zimene tapeza tsiku lomwelo. Ku Livingstone alendo analeka kudzaona Mosi-oa-Tunya, ndipo anchito ambiri a m'mahotela anabwezedwa kwao. Mu Meyi malire a Nakonde anatsekedwa, amalonda nasowa pogwira.

Caka cimeneco dola imodzi inakwera kucoka pa K14 kufika pa K21, ndipo katundu anadula. Cuma ca dziko cinatsika ndi 2.8 peresenti. Mu Novembala boma linalephera kulipira ciwongoladzanja ca ngongole yakunja.

Abale, mliri wina ukadzabwera, tidzakumbutse atsogoleri athu kuti wouza mmphawi kutseka citseko ayenera kuyamba wamusiyira thumba la ufa.