Malayina angapulumutse luso losema ku Chifunga

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zalewa kupita ku Mwanza akafika pa Chifunga, m'boma la Neno, sasowa womuuza kumene mitengo ya m'derali ikupita. Matumba a makala amakhala ndandanda m'mbali mwa msewu, ena ali pa njinga, kudikira galimoto zopita ku Blantyre. Mitengo yachilengedwe yomwe ikuthera mu uvuni wa makala ndi yomweyo imene amisiri osema mitondo, mipando, ng'oma ndi ziboliboli akhala akudalira kuyambira kale, ndipo ikatha luso lawo lidzasowa pogwira.

Izi zili chomwechi, ku Gujarat, dera la kumadzulo kwa dziko la India, amisiri osema zipangizo zopempherera za Ahindu amalemekeza kwambiri mtengo wina womwe amautcha sevan. Akatswiri a zomera amautcha Gmelina arborea. Amalawi amaudziwa bwino mtengowu chifukwa ndi malayina, yemwe ali mbwee m'masukulu, m'misewu ndi m'maesiteti a fodya, ndipo ambiri amamuona ngati wa nkhuni ndi mthunzi chabe.

Pa chipembedzo cha Chihindu, pemphero la tsiku ndi tsiku limachitikira pakhomo. Banja lililonse lodzipereka limakhala ndi malo opatulika m'nyumba, ndipo pamalopo pamaikidwa kakachisi kamatabwa kotchedwa mandir. Kena kamakhala kakang'ono kopachika pakhoma, kena kotalika ngati kabati. M'kati mwake amaikamo zifaniziro kapena zithunzi za milungu yomwe banjalo limapembedza, ndipo m'mawa ndi madzulo amayatsapo nyali ya mafuta, kufukiza lubani ndi kupereka maluwa ndi chakudya pa mwambo wotchedwa puja. Mabanja ambiri amakonda kukaika kumpoto chakum'mawa kwa nyumba potsata malangizo akale a kamangidwe otchedwa Vastu.

Mmisiri wa timakachisi timeneti sasema mwachisawawa. Kakachisi kamatengera maonekedwe a kachisi wamkulu wamiyala: pansi pamakhala guwa, m'mbali nsanamira zozokotedwa, pamwamba denga lozungulira kapena losongoka. Pansi pa guwa pamakhala madilowa osungiramo lubani, thonje la nyali ndi mabuku a mapemphero, ndinso thabwa lokoka loikapo mbale ya zopereka. Zitseko zake nthawi zambiri zimabooledwa timaenje tolukana kuti kuwala kwa nyali kuzionekera kunja, ndipo ena amamangiriramo timabelu. Zozokota zake ndi zodziwika kale kwa wogula aliyense: duwa la kakombo, njovu, mbalame ya pikoko, chizindikiro cha Om. Pambali pa kakachisi pamakhala kampando kafupi ka miyendo inayi kotchedwa bajot kapena chowki. Ku Gujarat ntchitoyi yakhala ya mabanja a amisiri otchedwa Suthar, omwe amasiyirana luso kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana, ndipo tauni ya Sankheda idatchuka ndi mipando ndi timakachisi topakidwa utoto wonyezimira. Kumpoto kwa dzikolo, mzinda wa Saharanpur ndiwo likulu la zosemasema za mtengo wa sheesham.

Mwambowu siwachilendo m'dziko muno. Amalonda ochokera ku India, ambiri mwa iwo a ku Gujarat komweko, adayamba kukhazikika kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Ena adali Asilamu, ena Ahindu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidawachotsa m'madera akumidzi n'kuwalola kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, n'chifukwa chake akachisi a Ahindu amapezeka m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe, osati m'maboma ngati Neno. Ahindu a m'dziko muno ndi ochepa, kotero kungakhale kudzinamiza kuganiza kuti msika wa timakachisi pawokha ungadyetse amisiri a boma lonse. Chofunika kutolapo pa nkhaniyi ndi kasankhidwe ka mtengo.

Amisiri a ku Gujarat amakonda malayina pa zifukwa zogwirika, kuwonjezera pa chikhulupiriro chakuti ndi mtengo woyenera zinthu zopatulika. Thabwa lake ndi lopepuka, loyererako, ndipo tchizulo imayenda bwino popanda kung'amba, zomwe zimalola kuzokota tinthu ting'onoting'ono. Likauma bwino silipindika kapena kufota kwambiri, ndipo limalandira utoto ndi polishi mosavuta. Ena amalikuta ndi timalata tasiliva kapena ta mkuwa. Vuto lake lalikulu ndi lakuti limachedwa kuuma. Kalipentala wothamangira ndalama akapala thabwa la malayina lili laliwisi, chitseko chimadzasiya mipata pakatha miyezi yochepa, ndipo wogula amanyoza mtengo pamene cholakwa chidali cha mmisiri.

Luso losema m'Malawi muno lidayenda njira ina. Ziboliboli ndi mipando ya mafumu yomwe imagulitsidwa kwa alendo ku Blantyre, Zomba, Lilongwe, Senga Bay ndi Nkhata Bay idatchuka chifukwa cha mitengo yolimba ndi yakuda kapena yofiirira, makamaka phingo ndi mlombwa. Pa zosema za chipembedzo, dziko lino lili ndi mbiri yake yonyaditsa ku Mua, m'boma la Dedza, komwe Bambo Claude Boucher Chisale adakhazikitsa malo a za luso ndi chikhalidwe a KuNgoni m'chaka cha 1976. Amisiri ophunzira kumeneko asema maguwa, mitanda, zitseko ndi zifaniziro zomwe zili m'matchalitchi a m'dziko muno ndi kunja, kuphatikizapo tchalitchi cha bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Izi zikusonyeza kuti manja a Amalawi amatha ntchito yofuna muyeso ndi ulemu ngati ya kakachisi ka Ahindu.

Chomwe chikuchepa ndi mtengo. Phingo amatenga zaka pakati pa 70 ndi 100 kuti afike posemedwa, ndipo mlombwa nawo umakula mwapang'onopang'ono. Wodula phingo lero akudula mtengo womwe udamera dziko lino lisadalandire ufulu wodzilamulira. Malayina, pa nthaka yabwino ndi mvula yokwanira, amapereka matabwa zaka 20 zisadakwane, ndipo akadulidwa chitsa chake chimaphukiranso.

Ku Chifunga nkhalango yapanikizika kwa nthawi yaitali. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ku Mozambique, yomwe idatha m'chaka cha 1992, dziko lino lidasunga anthu othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Chifunga, yemwe nthawi imeneyo adali m'boma la Mwanza, adali amodzi mwa malo omwe padali msasa wawo. Nkhuni ndi milimo ya anthu onsewo zidachokera m'tchire lozungulira. Alendowo atabwerera kwawo, makala adalowa m'malo. Kafukufuku wa malonda a makala yemwe adatuluka m'chaka cha 2007 adapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkagwiritsa ntchito matumba oposa 6 miliyoni pachaka, ndipo Neno, yemwe adakhala boma payekha m'chaka cha 2003, adali m'gulu la madera odyetsa Blantyre. Wootcha makala amafuna mtengo wolemera chifukwa ndiwo umapereka makala okhalitsa pa mbaula. Wosema amafunanso womwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti wootcha amagwetsa mitengo yambiri kuti apeze ndalama yomwe wosema waluso angapeze pa chipika chimodzi, koma pa liwiro wootcha ndiye amapambana.

Palinso mbali ya malamulo yomwe ogwira ntchito m'boma, makamaka a za nkhalango ndi a pa chipata cha Mwanza, ayenera kuidziwa, popeza katundu wambiri wopita ku Tete, Zimbabwe ndi South Africa amadutsa pa Chifunga pomwepa. Pa msonkhano wa mgwirizano wa CITES, woona za malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pachiopsezo, womwe udachitikira ku Johannesburg m'chaka cha 2016, maiko adagwirizana zoika mitengo ya fuko la Dalbergia pa mndandanda wachiwiri, ndipo lamuloli lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2017. Phingo ndi wa fuko limeneli. Sheesham wa amisiri a ku Saharanpur ndi wa fuko lomweli, kotero lamulo limodzi lidakhudza wosema wa ku India ndi wa ku Malawi nthawi imodzi. Mndandanda wachiwiri suletsa malonda, koma umafuna chilolezo chotsimikizira kuti mtengowo udadulidwa movomerezeka ndiponso kuti kudulako sikukuopseza mtunduwo. M'chaka cha 2019 lamuloli lidafewetsedwa pa zida zoimbira ndi pa zosema zomalizidwa zosapitirira makilogalamu 10. Kenaka pa msonkhano wa ku Panama m'chaka cha 2022, mitundu ya mu Africa ya mlombwa, mbawa ndi msambamfumu idalowanso pa mndandandawu, ngakhale kuti pa iyi lamulo likukhudza zipika ndi matabwa, osati zosema zomalizidwa. Malayina mulibe pa mndandanda umenewu.

Dziko la Kenya lidakumanapo ndi vuto lotere. Amisiri a mtundu wa Akamba atatsala pang'ono kumaliza phingo ndi mtengo wina wotchedwa muhugu, mabungwe oteteza chilengedwe adawalimbikitsa kusema nimu, mango ndi jakaranda, mitengo yomwe alimi amabzala okha m'minda. Kusinthaku sikudali kophweka, chifukwa mitengo yofewa imafuna kuumitsidwa mosamala ndipo ogula ena adazolowera zosema zakuda ndi zolemera, koma kudaonetsa kuti mlendo amagula luso la mmisiri kuposa dzina la mtengo.

Apa m'pofunika kunena chilungamo pa za nyengo. Chifunga ali kumunsi kwa boma la Neno, kotentha ndi kochepa mvula, dziko la tsanya ndi malambe. Malayina amakonda chinyontho, ndipo angachite bwino m'mphepete mwa mitsinje ndi kumtunda kwa bomali kusiyana ndi pa mtunda wouma wamiyala. Pa malo otere mtengo wopirira ndi nimu, yemwe adachokeranso ku India ndipo adafala m'chigwa cha Shire. Nayenso Ahindu amamulemekeza: zifaniziro za m'kachisi wotchuka wa Jagannath mumzinda wa Puri zimasemedwa kuchokera ku nimu, ndipo zimalowedwa m'malo ndi zatsopano pa mwambo wotchedwa Nabakalebara, womwe udachitika m'chaka cha 2015. Thabwa la nimu ndi lofiirira, lolimbirako kuposa la malayina, ndipo tizilombo sitilikonda.

Lamulo la za nkhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso m'chaka cha 2020 ndi kukhwimitsa zilango, limasiyanitsa mitengo yachilengedwe ndi yobzala. Kudula yachilengedwe pofuna malonda kumafuna chilolezo, pamene munthu wobzala mtengo pa malo omwe ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito ali ndi ufulu wokolola ndi kugulitsa. Choncho mmisiri wosema malayina kapena nimu wa m'munda mwake, kapena wogula kwa mlimi mnzake, alibe chifukwa chozembera pa chipata cha apolisi cha Zalewa. Anthu a ku Neno adaonapo kale phindu la mtengo wosaotchedwa: ku Kam'mwamba, ntchito yomwe bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lidayambitsa m'zaka za m'ma 1990 idaphunzitsa anthu kupanga chakumwa cha malambe ndi bwemba n'kumagulitsa.

Zotsala ndi ntchito zing'onozing'ono zomwe zili m'manja mwa khonsolo, alangizi a za nkhalango ndi ophunzitsa ntchito zamanja pansi pa TEVETA. Mbande za malayina ndi nimu ziyenera kupezeka m'manazale a m'midzi nyengo yobzala mitengo, yomwe imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, isadafike. Mitengo yofuna kudzasemedwa imafunika kuisadzira idakali yaing'ono kuti thunthu liwongoke, ndi kuiteteza ku mbuzi ndi moto wolusa. Ndipo pakufunika shedi youmitsiramo matabwa, momwe amasanjidwa motalikirana pa timitengo kuti mphepo izidutsa, chifukwa thabwa la malayina lochindikala limatha miyezi ingapo lisadaume mpaka m'kati.