Château Musar: Vinyo Wodikira Zaka 7 Asanagulitsidwe

Vinyo wofiira wa Château Musar, wopangidwa m'dziko la Lebanon, sapita pa msika kufikira patapita zaka 7 kucokera pamene mphesa zake zinathyoledwa. Kudikira kumeneku ndi cimodzi mwa zinthu zimene vinyoyu amadziwika nazo pa dziko lonse.

Kampaniyi inayambitsidwa mu 1930 ndi a Gaston Hochar m'tauni ya Ghazir, kumpoto kwa mzinda wa Beirut. Mwana wao, a Serge Hochar, amene anaphunzira za vinyo ku Bordeaux m'dziko la France, anatenga udindo wopanga vinyo mu 1959.

Minda ya mphesa ili m'cigwa ca Bekaa, pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja. Kumeneko dzuwa limawomba kwambiri masana koma usiku kumazizira, motero mphesa zimapsa pang'onopang'ono. Zikathyoledwa, zimanyamulidwa pa malole kudutsa mapiri kupita ku Ghazir.

Vinyoyu amapangidwa ndi mitundu itatu ya mphesa, imene ndi Cabernet Sauvignon, Cinsault ndi Carignan. Madzi a mphesazi amawira m'matanki a simenti, kenaka amakhala caka cimodzi m'migolo ya matabwa yocokera ku France. M'caka cacitatu mitunduyi imasakanizidwa ndi kuthiridwa m'mabotolo, ndipo mabotolowo amagonekedwa zaka zina 4 m'zipinda zozizira za pansi pa nthaka.

Cifukwa ca kudikiraku cili m'makoko ndi njere za mphesa, mmene muli zinthu zochedwa tannin. Vinyo akali watsopano, zinthuzi zimaumitsa m'kamwa monga zimacitira nthoci yosapsa. Pamene zaka zipita, zimagwirana ndipo zina zimamira pansi pa botolo, motero ukali uja umacepa. Mtundu wake nawo umacoka pa kufiira kwakuda ndi kuyamba kufanana ndi njerwa yowocha, pamene fungo la zipatso zaziwisi limasanduka la zipatso zouma ndi la cikopa.

Popeza vinyoyu sasefedwa, botolo lakale liyenera kuimikidwa ciriri kwa tsiku kapena kuposerapo, ndipo pothira pamafunika kusamala kuti nsenga zitsale pansi. Koma si vinyo aliyense amene amakoma akakhalitsa. Ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo anapangidwa kuti amwedwe m'zaka zocepa cabe.

Kusunga katundu zaka 7 kumatanthauza kuti ndalama zolipira anchito, kugula migolo ndi mabotolo zimabwerera mocedwa. Ku Lebanon vutoli linakula pa nthawi ya nkhondo ya paciweniweni, kuyambira mu 1975 kufikira mu 1990. Oyendetsa malole anali kudutsa pa misewu yotsekedwa ndi magulu a zida, ndipo mu 1976 kampaniyi inalephera kupanga vinyo.

Nkhondoyo itaononga msika wa kwao, banja la a Hochar linayamba kufuna ogula kunja. Mu 1979 pa cionetsero ca vinyo mu mzinda wa Bristol ku Britain, katswiri wolawa vinyo a Michael Broadbent anayamikira Château Musar, ndipo misika ya kunja inatseguka. Mu 1984 magazini ya Decanter inapatsa a Serge Hochar mphoto yake ya munthu wopambana pa caka, ndipo iwo anali oyamba kuilandira.

A Hochar anamwalira pa 31 December 2014 akusambira m'nyanja ku Acapulco m'dziko la Mexico, ndipo ana ao anapitiriza nchitoyo. Vinyo wa mphesa zimene zinathyoledwa m'caka cao comaliza anafika pa msika mu 2021.