Kugona M'hema M'mbali mwa Shire

Kumene mtsinje wa Shire umatuluka m'nyanja ya Malombe kuli nkhalango ya Liwonde, imene boma lidaikhazikitsa mu 1973. Mlendo wochokera ku Balaka amapatukira pa Ulongwe, naoloka mtsinjewo pa boti kufika pa Mvuu. Kumeneko amamanga hema pansi pa mitengo. Usiku amamva mvuu zikudya msipu pafupi, ndipo mbandakucha amadzutsidwa ndi kulira kwa nkhwazi.

Komatu ana ambiri a m'Machinga sanaonepo chipembere, ngakhale zipembere zidabwezedwa m'nkhalangomo mu 1993. Mtengo wa tsanya amaudziŵa uli kale makala m'thumba pamsewu. Aphunzitsi anzanga, sonkhani ndalama pang'onopang'ono, mukagone nawo kumeneko usiku umodzi. Mwana sangasamale chuma chimene sanachione ndi maso.