Zingwe zotchajira foni: wopikula ayambe wadula chimodzi

Pachipata cha Mwanza, pomwe msewu wa M6 umalowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, chingwe chotchajira foni ndi katundu amene sagonera pabenchi. Dalaivala wa thiraki yochokera ku Beira, amene akudikira kuti mapepala a katundu atheke, amachifuna. Mayi wotsika basi ya ku Johannesburg, amene chake chathyokera m'chikwama panjira, amachifuna asanaimbire achibale. Ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba foni ikamuzimira ndiye kuti waweruka dzuwa lili paliwombo, ndipo mlimi wa manachesi amene akudikira wooda wa ku Blantyre atha kuluza msika wonse chifukwa cha batire.

Koma katundu yemweyu ndi amenenso amadanitsa wamalonda ndi makasitomala kuposa china chilichonse pabenchi la zipangizo za foni. Poyesa, chingwe chimagwira bwinobwino, munthu n'kulipira. Pakangotha sabata chimayamba kufuna kuti achipinde kapena achitsamiritse ndi buku kuti foni ilandire moto. Wodutsa mwina sabwerera kudzadandaula, ngakhale madalaivala amayenda msewu womwewu mwezi ndi mwezi ndipo saiwala nkhope. Munthu wa kwa Kanduku, kwa Nthache kapena kwa Govati, amene analipira kabaza kuchokera ku Thambani kapena ku Kunenekude, iyeyo amabweranso ndithu, ndipo polankhula satsitsa mawu.

Chimene chimasiyanitsa chingwe chabwino ndi chachabechabe sichioneka kunja. Paketi yonyezimira, dzina la kampani yotchuka ndi malonjezo oti chimatchaja mwachangu, zonsezi aliyense atha kusindikiza. Paja akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Munthu akadula chingwe wamba cha USB amapeza timawaya tinayi. Kofiira ndi kakuda timanyamula moto, pomwe koyera ndi kobiriwira timadutsitsa nyimbo, zithunzi ndi zina pakati pa foni ndi kompyuta. Moto wochokera m'mutu wa tchaja wamba ndi wa mavoliti 5 okha. Waya akakhala woonda kwambiri, gawo lina la motowu limathera m'chingwe momwemo, n'kusanduka kutentha. Foni ikaona kuti moto ukufika wofooka imachepetsa yokha mlingo umene ikukoka. N'chifukwa chake foni yomweyo, pa mutu womwewo, imatha kudzaza msanga ndi chingwe china koma n'kuchezera usiku wonse ndi chinzake. Kutalika nakonso kumadya moto: waya yemweyo akakhala wa mamita 2 amataya kawiri poyerekeza ndi wa mita imodzi. Chingwe chachitali chikamagulitsidwa mtengo wofanana ndi chachifupi, pali pomwe wopanga wadula.

Pomwe amadula ndi pa kopa, popeza ndi amene amadya ndalama zambiri popanga chingwe. Ena amachepetsa tinsinga ta m'kati mpaka kutsala towerengeka ndi zala. Ena amaika aluminiyamu kapena chitsulo wamba, n'kuchikuta ndi kopa pamwamba kuti chizioneka chofiirira. Aluminiyamu amadutsitsa moto pafupifupi magawo 6 pa magawo 10 a mmene kopa amachitira, ndipo amathyoka msanga akamapindidwapindidwa. Chitsulo wamba ndiye chimachepera pamenepo. Kunenepa kwa chingwe sikutsimikiza kanthu, chifukwa pulasitiki ndi wotchipa ndipo wopanga atha kumuunjika kuti abise waya woonda ngati tsitsi.

Apa ndi pomwe wopikula wochenjera amasiyanirana ndi anzake. Asanatulutse ndalama ya katoni kapena madazeni, amagula chingwe chimodzi, n'kutuluka panja, n'kuchidula pakati. Ndalama ya chingwe chimodzicho yapita, koma wateteza mpamba wonse. Akasenda waya wofiira ndi wakuda, amayang'ana kuchuluka kwa tinsinga, kenaka n'kupala kamodzi ndi lezala. Kakakhala kofiirira kunja koma koyera m'kati, ameneyo si kopa weniweni. Pali mawaya ena abwino amene amaoneka oyera kunja chifukwa adakutidwa ndi chitsulo choteteza ku dzimbiri, koma akapalidwa m'kati mumatuluka kufiira kwa kopa, amenewo asawaope. Machesi nawo amathandiza: tinsinga ta aluminiyamu tikayandikizidwa pa lawi timafota n'kugwa nthawi yomweyo, pomwe kopa amangopsa mtundu koma amalimba.

Amene sakufuna kudula atha kuyenda ndi maginito a sipika yakale. Kopa sagwidwa ndi maginito. Chingwe chikamamatira chapakati, m'kati muli chitsulo. Kumapeto sikoyesera, chifukwa timitu tolowa m'foni nthawi zambiri timakhala tachitsulo ngakhale pa zingwe zabwino.

Chida chodalirika kuposa zonsezi ndi kachipangizo kotchedwa USB tester, kooneka ngati fulashi koma kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Amakalumikiza pakati pa mutu wa tchaja ndi chingwe, ndipo kamaonetsa mavoliti ndi maampu amene akudutsa. Wamalonda amayesa chingwe chimene akuchidziwa kuti n'chabwino, n'kulemba nambala, kenaka n'kuyesa chatsopanocho pa foni yomweyo ndi mutu womwewo. Foni yoyesera ikhale ndi batire losapitirira theka, chifukwa ikatsala pang'ono kudzaza imakoka moto wochepa ngakhale chingwe chikhale chabwino bwanji. Wopanda kachipangizoka atha kuika pa foni yake pulogalamu ya Ampere, imene imaonetsa moto umene ukulowa m'batire. Si yolondola ngati tester, koma kusiyanitsa zingwe ziwiri imakwanitsa. Ndipo kasitomala akaona manambala ndi maso ake, kunenerera mtengo kumachepa.

Nkhani ya zingwe zabodza si ya kuno kokha. M'chaka cha 2015, injiniya wa kampani ya Google, Benson Leung, adayamba kugula zingwe za Type-C pa Amazon n'kumaziyesa chimodzichimodzi, ndipo zambiri zidalephera. Kumayambiriro kwa 2016 chingwe china cholumikizidwa molakwika chidamuwonongera laputopu. Chaka chomwecho Amazon idaletsa kugulitsa zingwe za Type-C zosatsata muyezo. Ngati zoterezi zidafika pa msika waukulu chomwecho, palibe chifukwa choganizira kuti katoni ya ku Limbe kapena ku Tete ndi yoyera.

Funso lina ndi la mtundu woti munthu asunge. Chingwe cha Micro-USB, chimene amalonda amachitchula kuti V8, chidakali ndi msika ku Mwanza chifukwa mafoni ambiri a mabatani a Itel ndi Tecno, matochi, mawayilesi ang'onoang'ono ndi nyale za sola zimadya chomwecho. Koma dziko likusamukira ku Type-C. Kampani ya Apple idasiya chingwe chake cha Lightning pa iPhone 15 m'chaka cha 2023, ndipo kuyambira pa 28 Disembala 2024 mafoni atsopano ogulitsidwa m'maiko a European Union akuyenera kukhala a Type-C. Mafakitale amatsata misika ikuluikulu, choncho mafoni atsopano a Samsung, Infinix ndi Tecno amene akufika kuno ambiri ndi a Type-C. Wotsekera mpamba wonse m'makatoni a V8 chifukwa choti wawapeza motchipa akusunga katundu amene ogula ake akuchepa chaka ndi chaka. Za Lightning, zochepa zikwanira; ogula ake ndi apaulendo, osati akumudzi.

Pa Type-C palinso kusiyana. Chingwe wamba chotsata muyezo chimanyamula maampu 3, ndipo chimenechi n'chokwanira mafoni ambiri. Chonyamula maampu 5, cha malaputopu, chimakhala ndi kachipangizo kapadera m'kamutu ndipo chimadula. Paketi yolembedwa 100W koma yogulitsidwa mtengo wa fanta ikunama.

Zilipo zingwe za timawaya tiwiri tokha, zonyamula moto basi. Kutchaja zimatchaja, koma mnyamata woika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni akagula chimenechi amachibweza tsiku lomwelo, chifukwa kompyuta siiona foni. Mafoni ena otchaja mwachangu amagwiritsanso timawaya toyera ndi tobiriwira pomvana ndi mutu wa tchaja, moti tikasowa amabwerera ku moto wochepa. Kugulitsa chingwe chotere si kulakwa, bola wogula auzidwe.

Nthawi zina chingwe chimanamiziridwa. Mutu wa tchaja wofooka sungatulutse moto umene ulibe. Komanso ku Mwanza kuli vuto lakelake la malire: masoketi a ku Malawi ndi a mano atatu aphwatalala, pomwe a ku Mozambique ndi ku South Africa ndi a mano obulungira. Mitu yolowa kudzera ku Zobue yambiri ndi ya mano awiri, ndipo anthu amaikakamiza m'soketi atatsegula ndi cholembera kapena kamtengo. Mutu wotero umakhala ukugwedera, moto umadukizadukiza, soketi imatha kupsa, mlandu n'kugwera wogulitsa chingwe. Wogulitsa mitu imeneyi asunge ndi maadaputala omwe. Ndipo kasitomala akabweza chingwe, wamalonda ayambe wasuzumira pabowo la foni. Fumbi ndi ulusi wa m'thumba zimaunjikana mmenemo mpaka kamutu kulephera kulowa konse. Kachitsotso kouma, foni itazimitsidwa, kamathetsa milandu yambiri. Singano ayi, imawononga timano ta m'kati.

Pankhani ya kokapikula, wa ku Mwanza ali ndi njira zitatu: mashopu a ku Limbe ndi Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, tsidya la ku Zobue ndi Tete, kapena kutuma oyenda ku Johannesburg. Kulikonseko, zingwe zambiri zimachokera ku China ndipo woitanitsa amalipira ndi dola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda amene adagulitsa katundu wakale pamtengo wakale adapezeka kuti ndalama ya dazeni yonse sikukwanira kupikula dazeni ina. Mtengo wogulitsira uziwerengedwa kuchokera pa mtengo wopikulira lero, osati wa tsiku lomwe katundu adabwera. Wolowetsa yekha katundu asaiwale kuti ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono msonkho imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a bungweli, osati wa ku China, ndiye gawo la MRA aliwerengere asanatenge. Wozemba kudzera njira zachidule atha kulandidwa katundu yense. Ubwino wa Limbe ndi woti katoni ikapezeka yowola, munthu atha kukwera minibasi n'kukaonana ndi mwini shopu maso ndi maso. Katundu wotumidwa ku Joni sabwerera.

Masamu ake ndi awa, ndipo manambalawa ndi ongofanizira chifukwa mitengo ikusintha pafupipafupi. Wamalonda atapikula dazeni pa K1 000 chingwe chimodzi n'kumagulitsa K2 000, papepala phindu ndi K12 000. Zingwe 4 zikabwezedwa iye n'kubweza ndalama, phindu latsika kufika pa K4 000, kuphatikiza anthu 4 amene akukamunena kumudzi. Mnzake wopikula pa K1 800 n'kumagulitsa K3 000 amayembekezera K14 400, ndipo ngakhale chimodzi chitabwezedwa amatsala ndi K11 400. Vuto la wachiwiriyu ndi loti mpamba wake ndi wokulirapo ndipo ena amathawa mtengo. N'chifukwa chake ambiri amasunga mitundu iwiri. Palibe cholakwika, malinga chotchipacho chidayesedwa ndipo sakuchitchula kuti olijino.

Ena amathawira ku chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza kuti zikwangwani zoterezi n'zosemphana ndi lamulo pamene katundu ali ndi vuto. Njira yabwino ndi kulonjeza masiku owerengeka, monga sabata imodzi, n'kukambirana ndi wopikulitsa kuti zingwe zakufa azisintha pa ulendo wotsatira. Mgwirizano umenewu umalimba pakakhala lisiti, ndipo wopikulitsa wokana kulemba lisiti kapena kuyesetsa katundu wake wanena kale zambiri. Poopa ochenjera amene amabweretsa chingwe chakufa chogula kwina, kadontho ka kyutekisi pakamutu ka chingwe chilichonse chogulitsidwa kamakwanira kukhala chizindikiro.

Amene amachita bizinesi yotchajitsa mafoni ndi sola m'midzi ngati ya ku Tulonkhondo ndiwo akuyenera kusamala kuposa onse. Dzuwa lili ndi maola ake, ndipo chingwe chochedwetsa foni chimachepetsa chiwerengero cha mafoni otchajidwa patsiku. Iwowa agule zazifupi, za mita imodzi kapena kucheperapo, zolimba pakhosi pomwe waya amakumana ndi kamutu, popeza ndi pomwe zingwe zambiri zimafera chifukwa chozulidwa mokoka.

Dzuwa lomwelo limaumitsa pulasitiki. Zingwe zopachikidwa panja pabenchi kwa miyezi zimachita mbuu n'kuyamba kung'aluka zisanagulidwe n'komwe, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Chimodzi cha mtundu uliwonse chikwanira kuonetsera. Zotsalazo zikhale m'katoni, pamthunzi, pansi pa benchi.